Mzere Wobwereka ku Area 11

Nthambi ya banki yathu ya ku Area 11 inakhala miyezi makumi awiri ndi iwiri yokha. Ndinalipo tsiku lodula riboni, ndinaliponso tsiku limene lole inabwera kudzanyamula makauntala. Anthu ambiri odutsa pamsewu uja lero sadziwa n'komwe kuti panali banki, ndipo ena mwa amene tinkagwira nawo ntchito amachita kukumbutsidwa. Ine sindinaiwale, chifukwa pa kutsekedwa kwake pali dzanja langa.

Ndinapita kumeneko patatha miyezi isanu chimwalirireni mkazi wanga. Ndinali nditagwira ntchito zaka zambiri ku nthambi yaikulu ya ku Old Town, ku Area 2, pa tebulo lotsegulira maakaunti: kulandira mafomu, kuyang'ana ziphaso, kufananiza masiginecha, kudinda. Kumeneko mzere unkayambira pakauntala mpaka kukafika panja, ndipo munthu unkazindikira kuti dzuwa lafika pamutu ukamva m'mimba kulira. Maliro atatha thupi linabwerera ku ntchito, koma mutu unatsalira. Ndinkadinda fomu imodzi kawiri. Tsiku lina ndinamufunsa kasitomala dzina katatu. Akuluakulu sanandikalipire. Anandiitana n'kundiuza kuti akutsegula nthambi yatsopano kumayadi, kopanda phokoso, ndipo akufuna munthu wachikulire wodziwa ntchito. Ndinamva chimene sananene. Kunali kundichitira chifundo, koma zinali zodziwikanso kuti kumeneko kukakanika, kwina kondipititsa kunalibe. Zinali zitanditsalira zaka zitatu kuti ndipume pa ntchito mwaulemu, ndi penshoni yathunthu.

Nthambiyo inali nyumba yokhalamo anthu imene banki inachita lendi. Pabalaza ndi pamene panakhala polandirira makasitomala. Chipinda chogona eni nyumba chinasanduka ofesi ya manijala, wodiropu ikadali pakhoma, ndipo tinkasungamo mafayilo m'malo mwa masuti. Anagula masofa achikopa, osati mabenchi, poti ankati anthu a kumayadi saima pamzere. Panja anadula mitengo iwiri ya mapeyala kuti papezeke poimika magalimoto ambiri. Tsiku lotsegulira magalimotowo anadzazadi bwalo, panali zolankhulalankhula, zakumwa ndi ojambula zithunzi. Kuyambira tsiku lotsatira, pabwalopo pankaima galimoto imodzi, ya a manijala.

Tinayamba tilipo asanu ndi awiri, koma chaka chisanathe tinatsala anayi. A manijala anali mayi wa ku Rumphi, wophunzira bwino ndi wosakonda mawu ambiri. Ankanditchula kuti Adada, monga amachitira kwawo. Panali keshiya, mayi wa ana awiri wa pakamwa pakuthwa, amene ankanditchula kuti Madala ngakhale pamaso pa alendo. Pageti panali mlonda, munthu wa msinkhu wanga wochokera ku Nathenje, amene ankadziwa wantchito wa pakhomo lililonse mumsewu wathu.

Chifukwa chimene anthu sankabwerera sichinali chobisika. Eni nyumba za kumayadi amatuluka m'mageti awo m'mawa kupita ku Capital Hill ndi ku City Centre, kumene mabanki ali pafupi ndi maofesi awo, ndipo ambiri sapita okha, amatuma dalaivala. Amabwerera dzuwa litalowa, ife titatseka kalekale. Otsala masana kuseri kwa mipanda ija ndi makhukhi, olera ana, osamalira maluwa ndi alonda. Amenewo ndiwo ankaifuna banki. Koma ife tinkatsegula 8 koloko n'kutseka 3 koloko, ndipo Loweruka 11 koloko, nthawi yomweyo imene iwo sangachoke pakhomo la bwana.

Miyezi yoyamba a manijala anayesetsa. Ine ndi iwo tinayenda geti ndi geti ndi timapepala tofotokoza za nthambi yathu. Tinkagogoda, agalu n'kuuwa, kawindo kakang'ono ka pageti n'kutseguka. "Abwana kulibe." Kapepalako ankalandira ndi wosamalira maluwa, ndipo kawirikawiri ndi iyeyo amene ankafunsa kuti munthu ngati iye angatsegule akaunti ndi zingati.

Sindinkadziwa kuti kukhala osachita kanthu kumatopetsa kuposa mzere wa ku Old Town. Ndinkadzuka m'bandakucha kwathu ku Kawale, kusita shati, kukwera maminibasi awiri, kenako kuyenda wapansi m'munsi mwa mitengo ya jakaranda, m'misewu imene sukumana ndi munthu woti umupatse moni. M'mawa uliwonse tinkapemphera tisanatsegule, ndipo a manijala ankandipempha kuti nditsogolere poti ndine mkulu wa mpingo. Tikati amen, mlonda ankatsegula geti, basi n'kungokhala. Nyuzipepala ndinkaiwerenga yonse mpaka zidziwitso za malo ogulitsa. Inki ya chidindo changa inkauma, ndinkachita kudonthezapo madzi. Keshiya ankati tsiku lina adzabwera ndi nyemba kuti azisankha pakauntala.

Komabe ndiyenera kunena zoona: bata limenelo linandithandiza. Kunyumba kunali zii wa mtundu wina, wa mpando umene palibenso woukhalira. Ku nthambi kunali anthu atatu ondifunsa mmene ndadzukira, ndiponso chifukwa chomangira tayi. Pang'onopang'ono mutu unabwerera. Sindinadindenso fomu kawiri, ngakhale kuti mafomu ake anali owerengeka.

Mwa anthu amene ankafika titatseka, amene ndinamudziwa bwino anali khukhi wa pa nyumba yachinayi kuchokera pa ife, bambo wamtali wa imvi, wochokera ku Mitundu. Ankafika cha m'ma hafu pasiti 3 atatsuka mbale za nkhomaliro, shati yoyera ya ntchito ikadali m'thupi.

"Achimwene, tsegulani pang'ono," ankatero kwa mlonda. "Ndingolowetsa phazi limodzi."

"Phazi limodzilo ndi limene lingandichotsetse ntchito," mlonda ankayankha. "Auzeni adona anu azidya msanga."

"Adona anga? Amadya ngati akuwerenga njere za mpunga."

Ankafuna kutsegula akaunti. Kangachepe kamene ankasunga kankakhala m'chitini kuboyizikota kwake, ndipo abale a kumudzi ankadziwa kuti chitinicho chilipo, choncho mwezi sunkatha popanda wobwera ndi vuto. "Zikakhala kwa inu, ndidzatha kumawauza kuti banki yatseka," anandiuza tsiku lina. Ndinamupatsa fomu kudzera pa zitsulo za geti n'kumuthandiza kulemba titaimirira pomwepo. Chotsala chinali chakuti alowe m'kati nthawi ya ntchito, ajambulidwe, asayine ine ndikuona. Lamulo linali limenelo, ndipo ine sindinali munthu wokhotetsa malamulo. Fomuyo anayenda nayo m'thumba la shati miyezi yambiri mpaka inayamba kuthetheka mopindamo.

A manijala ankaziona zonsezi pawindo la ofesi yawo. Analemba kalata ku likulu la banki, ku City Centre, yopempha kuti nthambi yathu izitseka mochedwa masiku ena, ndiponso izitsegula Loweruka masana. Anafotokoza kuti makasitomala alipo, koma amafika geti litatsekedwa. Anandiwerengera kalatayo asanaitumize, ndipo ndinawauza kuti mulibe mawu ochotsa. Inali kalata yoona.

Yankho silinabwere. M'malo mwake kunabwera foni yakuti bwana wina wa ku likulu adzatiyendera Lachiwiri la sabata yotsatira, m'mawa. Mnzake wa keshiya wogwira ntchito ku likuluko anatitsina khutu kuti bwanayo akuyendera nthambi zimene akuganiza zotseka. Tinakambirana nkhaniyi kukhitchini pa nthawi ya tiyi.

"Akadzapeza masofa okhaokha, basi, tapita," anatero a manijala. "Sadzawerenganso ndi kalata yomwe."

"Madala, tibwerekeni anthu kutchalitchi kwanu," anatero keshiya uku akutakasa shuga. "Si inu mkulu wa mpingo? Mabenchi mumabwereketsa, anthu akuvutani chiyani?"

Ankanena zocheza, ndipo tinaseka. Koma ine mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Kumpingo kwathu kukamabwera alendo akuluakulu, timatumiza uthenga ku timatchalitchi tathu ta m'mbali kuti Lamulungu limenelo onse adzapemphere pamodzi, mabenchi adzaze. Palibe amene amati ndi bodza. Timati ndi ulemu, mlendo asapeze nyumba yozizira. Ndinakulira m'mwambo umenewo, ndipo kwa zaka zambiri wotumiza uthengawo ndinali ine. Ndinadziuza kuti apanso n'chimodzimodzi. Ndinadziuzanso kuti ndikuchitira a manijala, keshiya ndi ana ake, ngakhalenso khukhi uja. Za penshoni yanga sindinazitchule, ngakhale kwa ine mwini, koma ndi zimene zinali pansi pa zonsezo.

M'mawa mwake ndinawauza a manijala kuti ndingathe kupeza anthu. 

"Adada, inu?" anatero. "Akanakhala kuti wanena ndi wina, ndikanakana."

Kenako anati minibasi yobweretsa anthuwo alipira okha.

Lachinayi nditaweruka ndinathamangira kutchalitchi, kumene amayi a mpingo amakumana tsiku limenelo. Ndi gulu limene mkazi wanga analimo zaka zonse za ukwati wathu. Ndi amene anamusambitsa, kumuimbira ndi kumuperekeza kumanda. Ndinatengera pambali mtsogoleri wawo, mayi wachikulire wogulitsa nsomba zouma mumsika wa ku Old Town.

"Ku banki? Ife?" anadabwa. "Akulu a mpingo, tikasungitseko chiyani, zikwama zopanda kanthu?"

"Mukangoima pamzere, mayi. Mlendo akapita, nanunso mudzabwerera."

"Kungoima basi? Aaa, imeneyo ndiye digiri yathu. Kuchipatala timaima, kuchigayo timaima, kokatunga madzi timaima." Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Tibwera. Mnzathu uja akanakhalapo, bwenzi akutiitana yekha."

Pamenepo analakwitsa, koma sindinawakonze. Mkazi wanga sakanakana mokuwa, sanali wotero. Akanangondifunsa uku akupukuta mbale kuti, "Nanga mlendoyo akakufunsani, mukayankha chiyani?" Funso limenelo palibe anandifunsa, ndipo ine sindinadzifunse.

Lachiwiri anafika hafu pasiti 8, minibasi yodzaza, ena anayi n'kutsatira paokha. Ndinali nditawapempha kuti asavale yunifolomu ya mpingo, ndipo anamvera. Anavala za ku ukwati, ndi nsapato zooneka kuti zikuwapweteka. Nyumba yonse inamveka fungo la sopo ndi mafuta odzola. Minibasi tinaibisa kuseri, kumene kunali zingwe zoyanikira zovala za eni nyumba akale. Masofa anawakana. Ena anafuna kukhala pansi pa matailosi atatambasula miyendo, ndipo keshiya anachita kuwachonderera.

"Amayi anga, chonde, kuno si kusiwa. Imani ngati muli ndi mamiliyoni."

"Wa mamiliyoni amaima bwanji, mwana wanga? Tationetsa."

Tinawapatsa mafomu oti agwire m'manja. Bwanayo anali atanena kuti afika 9 koloko, koma 10 koloko inakwana kuli zii. Kuti mzere uzioneka woyenda, tinagwirizana kuti wofika pakauntala azifunsa kanthu, kenako azitulukira khomo la kukhitchini, kuzungulira nyumba n'kudzaimanso kumbuyo. Anayeserera kangapo akuseka. Kenako kuseka kunatha, miyendo inayamba kuwawa, ndipo mmodzi wa iwo anayamba kuimba chapansipansi milomo ili chitsekere, monga amachitira podikira kuchipatala. Ena anailandira. Inali imodzi mwa nyimbo zimene anaimba pa maliro a kunyumba kwanga. Sindikhulupirira kuti anaisankha dala, ndi nyimbo imene imangobwera yokha akakhala pamodzi. Ndinakhala pa tebulo langa chidindo chili m'manja, osatha kuwaletsa.

Bwana wa ku likulu analowa nyimboyo ili m'kati. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wa mafoni awiri, waulemu. Amayi aja ataona suti analephera kudzigwira. Onse anapinda mawondo n'kuwomba m'manja, monga amalandirira abusa achilendo.

"Ha, a manijala," anatero bwanayo akumwetulira, "makasitomala anu amaimba pamzere? Ku City Centre amatitukwana."

Anayendayenda, anajambula zithunzi pafoni, anasuzumira pakauntala. Ali pafupi ndi tebulo langa, ndinakweza maso n'kuona khukhi uja ataima pakhonde, kumapeto kwenikweni kwa mzere, fomu yake ili m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti adona ake anali ataperekeza mlendo ku bwalo la ndege, ndipo iye anapezerapo mpata wa mphindi zochepa. Ndikanatha kumukodola, ntchito yake sinali yotenga nthawi. Koma kumudumphitsa mzere bwanayo akuona kukanadzutsa funso lakuti amayi onsewa akudikira chiyani. Ndinati bwanayo akalowa mu ofesi, khukhiyo ndimuitana.

Bwanayo sanalowe mu ofesi. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane.

"Madala, akuti inu ndi amene mwakhalitsa mu banki muno kuposa tonsefe. A manijala analemba kuti anthu a kuno sangathe kubwera m'mawa, n'chifukwa chake akufuna nthawi ya madzulo. Koma ine ndikuona nyumba yodzaza 11 koloko isanakwane. Tandiuzeni inuyo. Masiku onse kumakhala chonchi?"

Apo m'pamene ndinaona chimene tinachita. Kalata yoona ija tinali titaitsutsa tokha ndi minibasi ya anthu. A manijala anaima kumbuyo kwa bwanayo, maso ali pansi. Amayi anali atasiya kuimba, akumvetsera. Kunena zoona kukanakhala kuwayalutsa a manijala pamaso pa mkulu wawo, ndiponso kuwauza amayi amene anaika mkazi wanga m'manda kuti ndawaitanira chinyengo. Panalinso penshoni ija.

"Ndi monga mukuoneramu, bwana," ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu n'kulemba m'kabuku kake. Pamene ndinayang'ananso pakhonde, n'kuti khukhi uja atapita.

Mlendo atachoka tinawagulira amayi aja mabanzi ndi zakumwa. Mtsogoleri wawo anavula nsapato n'kundifunsa, "Takhoza, akulu a mpingo?" Ndinati akhoza. Anapereka pemphero lalitali lopempha kuti banki yathu idalitsidwe, ndipo ine ndinati amen pamodzi ndi onse.

Timati mlendo ndi mame. Koma uyu anasiya lipoti. Patatha masabata atatu kalata inabwera. Pempho losintha nthawi analikana, popeza nthambi ili ndi makasitomala okwanira pa nthawi yake yomweyo. Ndipo popeza anthu ndi ambiri chotero, likulu likuyembekezera kuona zipatso zake miyezi isanu ndi umodzi isanathe. A manijala anaiwerenga ali chiimire, anandipatsa, n'kukadzitsekera mu ofesi. Keshiya sananene nthabwala tsiku limenelo. Dzina lakuti Madala analitchula mofatsa, zimene zinandipweteka kuposa kundinyogodola.

Miyezi imeneyo inali yaitali. Tinkapempherabe m'mawa, koma ndinapempha kuti azitsogolera ena. Mgonero utafika kumpingo sindinapite kutsogolo kukagawa mkate monga mwa udindo wanga, ndipo sindinadye. Abusa atandifunsa ndinawafotokozera zonse. Anayesetsa kubisa kumwetulira. Anati zoterezi zimachitika m'masukulu, m'zipatala, paliponse pamene pakubwera oyendera, ndipo Mulungu amaona mtima. Ndinawathokoza. Zakuti Mulungu amaona mtima ndi zimene zinkandisowetsa mtendere.

Khukhi uja sanabwerenso pageti. Mlonda anati ankamuona nthawi zina akudutsa tsidya lina la msewu.

Kalata yotseka nthambi itafika palibe anadabwa. A manijala anawatumiza ku nthambi ina yakutali, pa udindo wocheperapo. Keshiya anabwerera ku Old Town. Mlonda anali wa kampani ya alonda, anamupezera geti lina. Ine anandiitana ku likulu kukasayina mapepala opuma pa ntchito nthawi isanakwane. Kunali kutatsala chaka ndi miyezi iwiri, ndipo penshoni inatuluka yopunguka.

Ndikutuluka mu ofesi yosayinirayo ndinakumana ndi bwana uja pa masitepe. Anandizindikira, anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Bwana," ndinatero, "pali chimene ndiyenera kukuuzani za tsiku lija."

"Za amayi oimba aja? Madala, mayi wa duku lobiriwira anafika pakauntala katatu ine ndikuona. Mayi anga nawonso ndi a gulu la kumpingo, ndimawadziwa amayi otero akakhala pamodzi."

"Ndiye munadziwa."

"N'chifukwa chake ndinakoka mpando n'kufunsa inu. Kalata ya a manijala inali yomveka, ndinabwera ndili ndi mtima woivomereza. Koma sindikanalemba kuti m'mawa kulibe anthu pamene ndapeza nyumba yodzaza, ndiponso sindikanalemba kuti andinamiza popanda wonena ndi mmodzi yemwe. Mukanangoti ayi bwana, lero ndi lapadera, tikanaseka tonse n'kukhala pansi." Foni yake inalira. "Pepani Madala. Mukapume bwino."

Sindimuweruza. Mwina ankanena zoona, mwina ndi mawu amene munthu amanena pa masitepe kuti apepukidwe yekha. Ndakhala ndikuwatembenuza mawuwo zaka zonsezi ndipo sindinafike pamapeto. Chimene ndikudziwa n'chakuti anafunsa, ndipo ndinayankha mmene ndinayankhiramo.

Tsiku lomaliza linali Lachisanu. Lole inachedwa, inafika masana. Onyamula katundu anatulutsa masofa aja akadali ngati atsopano. Ndinapereka chidindo changa kwa a manijala, iwo n'kuchiika mu envelopu.

"Adada, musazisenze nokha," anatero. "Minibasi ija ndinalipira ndine."

Cha m'ma hafu pasiti 3 geti linali lotsegula chifukwa cha lole, ndipo ndinaona shati yoyera ikulowa. Khukhi uja anafika mpaka pabalaza, n'kuyang'ana makoma opanda kanthu ndi mizere imene makauntala anasiya pa matailosi.

"Ndiye m'kati muli chonchi," anatero. Anatembenukira kwa mlonda. "Mwaona, achimwene? Lero ndalowa ndi mapazi onse awiri."

Ndinamutengera pakhonde. "Tsiku lija munabwera m'mawa, ndinakuonani."

"Ndinaona mzere, ndinati eee, banki yatchuka iyi, ife a shati yoyera tidikire chaka chamawa. Koma amayi aja amaimba bwino."

Ndinamuuza zonse: kuti anali amayi a kumpingo kwathu ku Kawale, kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi akaunti, kuti pa anthu onse amene anaima pamzere tsiku limenelo kasitomala anali iye yekha. Ndinayembekezera kuti akwiya. Koma anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira chipilala cha khonde.

"Munabwereka anthu! Ngati mapoto a pa ukwati! Ine khukhi wathunthu kuthawa mapoto obwereka!"

Atapuma anapukuta maso ndi chikhatho. Ndinamufunsa kuti za m'chitini zija anatani nazo.

"Ndinagula mbuzi ziwiri kumudzi. Imodzi abale anaipha pa maliro, sanandifunse n'komwe. Inayo ilipo." Anaganiza pang'ono. "Ilipo mpaka maliro ena."

Anatulutsa fomu ija m'thumba, itathetheka mpaka kutsala pang'ono kugawika panayi. Zolemba zanga zinali kuonekabe.

"Iyi ndiitaye, kapena ikagwira ntchito ku Old Town?"

Ndinamuuza kuti mafomu anasintha, ndiponso kuti ku Old Town nakonso amatseka 3 koloko. Anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'thumba. Anati zophika za madzulo zikumudikira, anatsanzika, n'kupita. Sindinamuonenso. Lole itatuluka, mlonda anatseka geti n'kupereka makiyi kwa a manijala, ndipo ine ndinanyamula fulasiki ndi Baibulo langa kulowera ku siteji.

Nyumba ija ndinaidutsa kamodzi chaka chatha, pobwera kukaona wodwala. Tsopano ndi sukulu ya mkaka, ndipo pabwalo loimika magalimoto paja anaikapo makatungwe.

Amayi a kumpingo ankandifunsa kwa nthawi yaitali kuti banki yathu ija ikuyenda bwanji. Nditawauza kuti inatsekedwa, mtsogoleri wawo anati, "Ndiye tinaima pachabe, ndi nsapato zija." Ndinangoti eya. Mgonero ndinayambanso kudya patapita miyezi, osati chifukwa mtima unapepuka, koma chifukwa ndinaona kuti kudzipatula kwanthawi yaitali nakonso kumasanduka kudzionetsera.

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito kunabweranso alendo akuluakulu kumpingo. Pa msonkhano wa akulu a mpingo anagwirizana kuti timatchalitchi ta m'mbali tiitanidwe monga mwa masiku onse, ndipo onse anayang'ana kwa ine, poti tsopano ndinali ndi nthawi yambiri. Sindinatsutse. Sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa, ngati mwambowo uli wolakwa paokha. Ndinangopempha kuti uthengawo atumize wina. Lamulungu limenelo mabenchi anadzaza mpaka ena anaima m'mawindo, nyimbo zinamveka bwino, ndipo alendo anayamikira kuti mpingo ukukula. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndikuyang'ana panja ngati pali wina amene wafika, waona kudzaza, n'kubwerera.